Mapaundi Atatu a Nandolo

Nandolo anandilanda bondo lakumanzere, ndipo bondolo linapita ndi sukulu yanga. Ndinali nditamaliza Fomu 1, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anzanga amene ndinkawaonetsa masamu ali m'maofesi ku Limbe, ine ndili pansi pa mtengo pamsika, kukoleka matumba pa sikelo. Amene akufuna kundiuza kuti zonse amakonza ndi Mulungu adziwe kuti ndinamva kale, kambirimbiri.

Ababa ndi ogula nandolo. Amazungulira midzi ya cha ku Mikolongwe nyengo yokolola, kugula kwa alimi, n'kukagulitsa ku Limbe. Sikelo yawo ndi yokoleka pa nthambi, yakale, yowerenga mapaundi, ndipo anawasiyira ndi bambo awo. Amayi a m'midzi ankadutsa ogula ena awiri ndi dengu pamutu kuti adzagulitse kwa ababa, chifukwa iwo ankatembenuzira nkhope ya sikelo kwa mwini nandolo kuti adziwerengere yekha. Wosadziwa kuwerenga ankamuitanira mwana wa sukulu. Ankati wobera pa sikelo adzasenza zonse anabazo tsiku lachiweruzo, ndipo iwo msana wawo ndi wofooka.

Tsiku limenelo linali la holide yaitali, dzuwa la Seputembala. Lole inaima tsidya lina la mtsinje chifukwa mlatho wake unali mitengo itatu ya bulugamu basi. Aganyu anali awiri, matumba ambiri, dalaivala akuliza hutala. Ababa anandiitana nati mnyamata wodya nyemba za kusukulu sangalephere thumba limodzi. Anandisenzetsa okha, ndi manja awo. Ndili pakati pa mlatho phazi linalowa pampata wa mitengo. Thumba linandizunguza thupi lonse, phazi n'kutsala pomwepo. Ndinamva kulira m'kati mwa bondo ngati chingwe cha khonje chikaduka. Pofika madzulo bondo linali ngati papaya.

Kuchipatala cha pa Boma anapopa magazi akuda m'bondomo ndi jakisoni wamkulu, n'kutitumiza kuchipatala chachikulu mumzinda kuti akandijambule mafupa. Kumeneko anandigoneka patebulo lozizira. Wojambula anandiuza kuti ndisagwedezeke, iye n'kukabisala kuseri kwa khoma. Ndinadikira kumva kupweteka kapena kutentha, koma sindinamve kanthu. Patapita nthawi anatipatsa chipepala chakuda cholimba, chokhala ndi mafupa anga oyera mbee. Dokotala wachinyamata, mzere wa odwala utafika panja, anachiyang'ana pawindo nati fupa silinathyoke. Anandimanga bandeji, kundipatsa mapiritsi, nati ndipumitse mwendo.

Dokotalayo sananame. Anati fupa silinathyoke. Koma ababa anamva kuti palibe chavuta.

Sindinawaonepo akusangalala ngati tsiku limenelo. Padepoti anandigulira masikono awiri ndi chakumwa cha m'botolo. M'basi anatulutsa chithunzicho mu envulopu n'kuonetsa munthu wosamudziwa amene anakhala naye pafupi. Lachisanu anapita nacho kumzikiti, ndipo atatuluka anachikweza padzuwa, akuluakulu onse atazungulira, akuloza ndi chala: ili fupa lapamwamba, ili lapansi, palibe mng'alu ngakhale umodzi. Kenaka anachisunga m'sutikesi momwe mumakhala mapepala a munda.

Chotupa chinaphwa pang'onopang'ono. Koma mwendo sunali wanga. Pamalo osalala ndinkayenda bwinobwino, koma ndikati nditembenuke, kapena kutsika chitunda cha kuchimbudzi, bondo linkangothawa pansi panga, ine khu pansi. Poswali kumzikiti sindinkatha kugwada, ndinkatambasula mwendo kumbali. Ababa ankandiyang'ana ndi diso la m'mbali. Poyamba ankati ndi mantha chabe. Kenaka anayamba kunena kuti ana a sukulu amazolowera kugona pabedi. Ndikadandaula ankandiyankha mawu amodzi, akuti chithunzi sichinama, makina a azungu aona mpaka m'kati. Amayi sankatsutsa, koma madzulo aliwonse ankatenthetsa madzi n'kundithowa bondo kuseri kwa nyumba.

Ndinkawada ababa masiku amenewo. Sindibisa. Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse kuti munthu amene anasenzetsa mwana wake thumba ndi manja ake sakanafuna chithunzi china koposa chimenecho.

Sukulu itatsegulira anati ndipite. Anakweza bokosi langa panjinga, ine ndikuyenda pambuyo, kulowera kumsewu wa basi. Titayenda ngati mtunda umodzi ndinaponda kamwala. Ulendo uno bondo silinangothawa. China chake chinalowa pakati pa mafupa, mwendo n'kuuma uli chopindika, osawongoka, osapindikanso. Ndinakhala pansi m'fumbi. Ababa anaimika njinga, kugwira chidendene changa n'kukoka kuti awongole, poganiza kuti ndikulimbitsa dala. Ndinakuwa mpaka amayi ena olima m'dimba anaimirira. Anasiya msangamsanga.

Basi inadutsa tikuiona.

"Munandisenzetsa ndinu," ndinatero. "Kaitaneni chithunzi chanu chinyamule bokosi chipite kusukulu."

Mwana sayankhula choncho kwa bambo ake. Ndinadikira mbama. Iwo anatsitsa bokosi, kulisiya kwa amayi a m'dimba aja, kundinyamula ngati khanda n'kundikhazika panjinga. Anakankha mpaka pa Boma. Malaya awo ananyowa msana wonse.

Mwayi wake sabata imeneyo kunabwera dokotala wa mafupa amene ankayendera zipatala za m'maboma kamodzi pamwezi. Anali bambo wachikulire, wamfupi, wa manja akuluakulu ngati womanga nyumba. Ababa anali atatumiza uthenga kunyumba kuti chithunzi chibwere, ndipo anachipereka ndi manja awiri. Dokotala anachiyang'ana kamphindi, nati mafupa okongola, n'kuchiika pambali. Anandibaya jakisoni, kugwira mwendo, kuupotoza pang'ono uku akundifunsa za masamu, ndipo mwadzidzidzi m'bondo munalira, mwendo n'kuwongoka.

Atatero anafunsa ababa ngati amachinja mbuzi, kuipha ndi kuigawa. Anavomera kuti pamudzi pathu akafuna wochinja amaitana iwo.

"Ndiye bondo mumalidziwa kuposa makina aja," anatero dokotala. "Mukamadula mwendo wa mbuzi, mpeni umakumana ndi chiyani pamfundo?"

Ababa anati zingwe zoyera zolimba, ndi chicherewecherewe choterera chija chimene ana amakonda kukukuta kunsonga kwa fupa.

"Chithunzi ichi chimaona fupa lokha. Zingwe sichiona, chicherewecherewe sichiona. Bwerani kuno, achimwene. Ndibwerekeni manja anu."

Anandigoneka chagada, mawondo chopinda. Anauza ababa kuti akhalire phazi langa lakumanja, agwire mwendo m'munsi mwa bondo ndi manja onse, akokere kwa iwo. Anakoka. Mwendo unakana, gwa. Kenaka anawasamutsira kumanzere. Anakoka pang'ono chabe, ndipo fupa linawatsatira, kugwedera ngati khasu lomasuka pampini. Anachotsa manja ngati agwira mbaula.

Dokotala anafotokoza kuti chingwe chimodzi cha m'kati mwa bondo chinaduka tsiku la pamlatho, ndipo chicherewecherewe chinang'ambika, kachidutswa kake n'kumene kanatsekera mwendo panjira. Anati amamva kuti maiko akutali akupanga makina oona ngakhale nyama yofewa, koma kuno makina ake ndi manja. Ababa anafunsa ndi mawu otsika ngati kuyendera mwendowo masabata onsewa ndiko kunang'amba chicherewecherewecho. Dokotala anati zimenezo palibe chithunzi chingatiuze, tiyeni tione zakutsogolo.

Zakutsogolo zinali izi. Chingwe choduka sichimera. Koma nyama ya pantchafu ikalimba kwambiri imagwira ntchito ya chingwecho, osati yonse, koma yokwanira kuyenda ndi kulima. Choyamba anandiika chikhakha kuyambira pantchafu mpaka pakakolo kuti bondo lipume masabata asanu ndi limodzi. Thalauzi langa la sukulu silikanalowa, ndiye amayi anadula mwendo wake umodzi ndi lezala. Ndinawaona akuupinda bwinobwino n'kuusunga. Sataya nsalu amayi.

Za chikhakha sindinena zambiri. Kunali kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, m'kati mukuyabwa, ine ndikukanda ndi sipoko ya njinga. Ndinkawerenga mabuku anga pakhonde kuti ndisatsalire. Tsiku lochotsa, mwendo unatuluka wowonda ngati phesi la chinangwa, khungu likufundudka, ukununkha. Ndinauyang'ana n'kufunsa dokotala ngati umenewu ndiwo akuti ugwire ntchito ya chingwe. Anaseka nati umenewo, palibe wina. Anandilangiza kuti ndigone chagada, ndimange kathumba ka mchenga pakakolo, ndikweze mwendo uli chowongoka, nditsitse pang'onopang'ono, makumi atatu m'mawa uliwonse. Ndiyambe ndi paundi imodzi, ndiziwonjezera mwendo ukalola. Ababa anati mchenga ndi wa anthu opanda nandolo.

Kathumbako kanali mwendo uja wa thalauzi la sukulu. Amayi anausoka mbali imodzi, ababa n'kuthiramo nandolo, kutseka mbali inayo ndi chisingano cha matumba. Nandolo yemweyo. Ndinawauza kuti ngati ndi nthabwala sinandiseketse.

M'mawa uliwonse, akachoka koswali, ankandiyalira mkeka pakhonde. Ankakoleka kathumba pa sikelo imene inkalendewera pamtanda wa denga, kunena kulemera kwake, kundimanga pakakolo, n'kukhala pansi dzanja lawo lili pantchafu panga kuti amve ngati nyama ikugwiradi ntchito. Owerenga anali iwo. Ndikatsitsa mothamanga ankati imeneyo sagula, ndi nandolo wofumbwa, ndibwerezenso. Ndinkawayankha kuti ogula ena alipo. Ankati ndipite kwa iwo, ndi mwendo uti. Ankanditchula bwana hedimasitala. Ine ndinkatukwana chamumtima, nthawi zina mokweza pang'ono, ndipo ankachita ngati makutu awo afa.

Paundi imodzi inakhala ziwiri, ziwiri zinakhala zinayi. Mvula inagwa, anthu anadzala, ife tili pakhonde. Ndodo ziwiri zimene ndinkayendera zinakhala imodzi.

Kalata ya kusukulu inafika mu Febuluwale. Inali yaulemu. Inati popeza ndakhala nthawi yaitali osaoneka, malo anga apatsidwa kwa wina. Ababa anapita konko kawiri, atavala jekete la pa Idi, chikalata cha dokotala chili m'thumba, koma anabwerako chimodzimodzi. Ulendo wachiwiri atabwera ndinamasula kathumba n'kukaponya pabwalo. Kanaphulika msoko, nkhuku n'kuthamangira. Ndinati mwendo ndikuulimbitsira chiyani, kuti ndizikasenzanso matumba?

Sanandikalipire. Anathamangitsa nkhuku, kutola nandolo mmodzimmodzi, kusokanso. M'mawa mwake anayala mkeka monga mwa masiku onse, kukhala pamalo pawo kathumba kali pamiyendo, ine ndili m'nyumba ndikuwaonera pazenera. Anakhala nthawi yokwana kuwerenga makumi atatu, n'kupinda mkeka, kupita kumunda. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi anabwera pakhomo pa chipinda changa, osalowa.

"Sukulu sindingathe kukubwezera," anatero. "Ndayesa. Mwendo wokha ndilole ndiyese."

Ababa sapepesa. Kwathu bambo sapepesa kwa mwana. Ndinadziwa kuti kupepesa kwawo ndi kumeneko, ndipo kwina sikudzabwera. Ndinatuluka n'kukagona pamkeka.

Koma mtima unali utauma. Titafika pa mapaundi asanu ndinaima. Tsiku limene ananena kuti lero ndi asanu ndi imodzi, mwendo unakwera kasanu n'kukana. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinawauza kuti malire anga ndi asanu, mwendo wopanda chingwe sungapitirire apo, asandivutitse. Anagwedeza mutu nati chabwino, tikhale pa asanu mpaka mwendo udzanene wokha. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankakoleka kathumba, kuyang'ana muvi wa sikelo, nati asanu. Ine ndili chagada pamkeka sindinkaona nkhope ya sikelo, ndipo sindinaganizepo zoiyang'ana. Munthu ukakulira pansi pa sikelo ya ababa suyang'ana kawiri.

Masiku ena asanuwo ankalemera modabwitsa. Ndikadandaula ankati ndagona moipa, kapena ndi mitambo. Ndinkaluma mano n'kumaliza makumi atatu, chifukwa kulephera mapaundi asanu amene ndinali nditawagonjetsa kale kukanakhala manyazi. Miyezi iwiri inatha choncho.

Tsiku lokaonananso ndi dokotala ndinapita ndi nkhope yogwa. Anayeza ntchafu yanga ndi tepi, kuyezanso kachiwiri, n'kundifunsa kuti ndafika pati. Ndinati pa asanu basi, ndakanika. Anati ndimupatse kathumbako. Anakayesa m'dzanja, kukweza nsidze, n'kutuluka nako kupita kukhonde kumene amayi amakweza ana sikelo. Anabwerako akuwerengera papepala, kusandutsa makilo kukhala mapaundi.

"Asanu ndi atatu," anatero. "Achimwene, sikelo imene mumayezera kathumbaka ndi yomwe mumagulira nandolo wa anthu?"

Ababa ankayang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zofunika kwambiri.

"Sikelo yakalamba," anatero.

Munthu wina akananena mawu amenewo pamsika za sikelo yawo, bwenzi atamutengera kwa shehe. Dokotala anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenaka anawadzudzula pang'ono kuti mwendo wovulala saubera, akanatha kuupweteka. Ababa anati ankawonjezera kadzanja kamodzi patatha masiku atatu alionse, osapitirira, ndipo dzanja lawo linali pantchafu nthawi zonse, likanamva. Dokotala anati ndodo ndiisiye, koma pa zitunda ndi pamatope ndizisamala moyo wanga wonse, ndipo mpira ndiuiwale.

Tinabwerera wapansi, ababa akukankha njinga, ndodo yanga atamangirira pakaliyala. Tinadutsa msika. Ndinali nditakwiya, ndipo sindinkadziwa kuti ndakwiyira chiyani kwenikweni. Kathumba kanali m'manja mwanga. Ndinayang'ana msoko wake n'kuona kuti nsalu yonse ya kumapeto inali mabowo okhaokha, malo amene chisingano chinalowa ndi kutuluka kambirimbiri. Ankamasula ndi kusokanso ine ndisanadzuke, munthu wa zala zokhuthala amene sadziwa ngakhale kusokerera batani.

Ndinawauza kuti mlimi akabweretsa mapaundi asanu ndi atatu, wogula n'kunena kuti ndi asanu, dzina lake timalidziwa tonse. Anati amalidziwa. Ndinati ndiye tsiku lachiweruzo adzasenza. Anati atatu okha adzayesetsa, msana ukadzakana ndidzawathandize, popeza mwendo ndili nawo tsopano.

Ndinaseka ndisanafune. Aka kanali koyamba chichokere pamlatho.

Papita zaka zinayi. Bondo silinabwerere mwakale, ndipo amene amati nthawi imachiritsa zonse sanadukepo chingwe. Chiperoni chikatsika m'phiri limawawa ngati dzino. Potsetsereka ndimatsogoza mwendo wakumanja, ndipo kawiri kapena katatu pachaka limandithawabe. Poswali ndimagwada, koma sindikhalira chidendene, ndimapendekera kumanja, kumene amakhala ababa, phewa langa n'kutsamira lawo. Sasuntha. Kathumba ndimakakwezabe m'mawa, ndekha tsopano. Mlatho uja ndimawoloka, wopanda thumba. Ababa salola kuti ndisenze chilichonse choposa dengu, ndipo aganyu amanditcha akalaliki.

Chithunzi chija ndinati tichiotche. Amayi anakana. Galasi la zenera la kukhitchini litasweka anachikhomera pamenepo, ndipo mpaka lero mafupa anga okongola amayang'ana pabwalo, dzuwa likuwala m'kati mwake, opanda mng'alu ngakhale umodzi.

Sukulu palibe amene adzandibwezere, ndipo sindinasiye kuwawidwa nayo. Ndikaona ana a yunifolomu akudikira basi ndimayang'ana kumbali. Ngongole imeneyo sindiiwerengera munthu, chifukwa sindidziwa kuti ndingaikoleke pa sikelo iti. Koma inayo ndimaidziwa bwino kulemera kwake. Maso a ababa ayamba kuchita chifunga, ndiye muvi wa sikelo ndimawerenga ndine, nkhope yake nditaitembenuzira kwa mwini nandolo monga anandiphunzitsira. Chaka chilichonse, tsiku loyamba kugula, tikamakoleka sikelo panthambi, ndimawakumbutsa. Iwo amafufuza m'matumba a jekete, kuyang'ana kumwamba, nati ndibwere mawa. Mpaka lero sanandipatse. Mapaundi atatu a nandolo.